Ndani Akukwera Nsanja ya Muhavula?

Beira, 8 Sepitembala 1996

Bambo anga okondedwa,

Landirani moni wanga ndi wa mdzukulu wanu Zena. Ife tili bwino, kaya inu kumeneko ku Muhavula? Kuchipatala ntchito ikuyenda, kungoti odwala achuluka, anamwino tachepa. Zena waguluka mano akutsogolo, ndiye akuti musadzamuseke.

Kalata yanu ya mu Julayi ndinailandira. Ndikuti yanu, koma Bambo, zilembo zake si zanu. Ya mu Meyi ija chimodzimodzi. Ine kulemba ndinaphunzira mutandigwira dzanja inuyo, ndiye zilembo zanu sindingazisokoneze ndi za munthu wina. Akukulemberani ndani? Nanga chifukwa chake n'chiyani?

Chimwalirireni amayi, ndiponso chikwatireni inu a Muanacha, sindinalowererepo za m'nyumba mwanu. Ngati ndi iwowo akulemba, palibe mlandu, koma mundiuze. Munthu amene wakhala akuyatsa nyali ya sitima zapamadzi moyo wake wonse, kukwera nsanja m'mawa ndi madzulo, cholembera chingamulemere lero?

Mundiuze zoona za thupi lanu. Mukudya? Mwendo uja ukuvutabe? Ndikuganiza zopempha tchuthi kuti Idi ya kumapeto kwa Ramazani ndidzadyere kwathu. Ndasowa mphepo ya pakhonde la pamwamba paja.

Ine mwana wanu,
Atija

Muhavula, 2 Okutobala 1996

Mwana wanga Atija,

Salamu aleikumu. Tonse kuno tadzuka bwino. Umuuze Zena kuti agogo akenso mano akutha, tidzasekana.

Za zilembo usadandaule. Dzanja langa lamanja likumachita dzanzi, cholembera chikumandipulumuka. Ndiye ndikumanena ine, mayi ako aang'ono n'kumalemba. Nkhalamba yopanda powawa unaionapo kuti?

Nsanja ili bwino. Taipaka njereza mpaka pa lamba wofiira uja, ndipo galasi lalikulu likuwala ngati lagulidwa dzulo. Unyolo wa chitsulo cholemera chija, chimene chimatsika pang'onopang'ono n'kumazungulitsa galasi, tauthira mafuta. Madzi a mvula m'thanki akadalimo.

Masiku ano ndikumakumbukira agogo ako. Apwitikizi atataya sitima yawo pa matanthwe ali kutsogoloku, anthu ndi katundu yemwe, anagwira amuna m'midzi yonse kuti adzamange nsanjayi pa chibalo. Miyala inkachokera kutsidya la mtsinje, pamutu. Wogwa ankangomukankhira pambali, mzere n'kumapita. Agogo ako sanagwe. Ntchito itatha mzungu anawasunga kuti azikweza palafini, ndipo ine ndinabadwira m'kanyumba ka kuseri kaja. Azungu pochoka mu 1975 makiyi anangondisiyira patebulo, osatsanzika. Nkhondo yonse ija, palafini tikuchita kupempha kwa asodzi, nyali imeneyi sinagonepo yozima.

Za kubwera, usafulumire. Msewu ndi woipa, ndipo akuti mbali ya kumtsinje mabomba okwirira sanathe kuchotsa. Tchuthi chako usunge. Ndikadzakufuna ndidzakuitana.

Ndine bambo ako,
Sualehe Amisse

Namiropa, 20 Okutobala 1996

Atija, mwana wa mlongo wanga,

Salamu aleikumu. Ndine malume ako Braimo. Kuno kumudzi tilipo, koma mawondo andigwira. Ukapeza mankhwala opaka aja unanditumizira chaka chatha, usandiiwale.

Sindimakonda kulowa m'nyumba za eni, koma mlongo wanga wagona pansi pa mlambe wa ku Muhavula, ndipo iwe ndiwe magazi athu. Bambo ako sanapondeko ku mzikiti chichokereni Idi ya nyama. Anthu akundifunsa ine. Ndiye Lachiwiri ndinadikira kuti madzi aphwe, n'kuyenda mchenga wonse uja ndi mawondo omwewa, nditanyamula mpunga ndi kokonati.

Mkazi wa bambo ako uja anandichingamira pachipata. Osati pakhomo, Atija, pachipata.

"Alamu ali kuti?" ndinafunsa.

"Agona. Anachezera kumwamba."

"Ndiwadikira."

"Madzi abwerera posachedwapa, a Braimo. Mukachedwa mugona kuno, ndipo mphasa ya alendo yatha ndi chiswe."

Mpunga analandira. Madzi akumwa anandipatsira panja ngati wogulitsa nsomba. Ine amene ndinathandiza kufolera nyumba imene ija!

Tsopano tamvera za asodzi. Akuti dzuwa likamapendeka amamuona munthu pakhonde la pamwamba pa nsanja, atavala jekete lakuda la bambo ako ndi chisoti chawo. Koma munthuyo akuti amayenda msangamsanga ngati mbalame ya pamchenga. Iwe ukudziwa kuti bambo ako amakoka mwendo chigwereni pa makwerero paja. Mwendowo wachira liti?

China n'chakuti pali Nuro, mwini chombo chimene chimabweretsa palafini wa boma. Kale ankabwera mgolo ukatha. Masiku ano chombo chake chimakhala chokocheza pa Muhavula ngati ndi pakwawo. Akuti ndi msuweni wa mkaziyo. Chisuweni timachidziwa ife.

Ine sindinanene kanthu. Ndangokupatsira zimene ndaona ndi zimene ndamva. Wophunzira ndiwe.

Malume ako,
Braimo

Beira, 11 Novembala 1996

Bambo,

Moni. Kalata yanu yafika, ndipo ndaiwerenga kangapo. Nkhani ya agogo ndi miyala ndimaidziwa, munkandiuza ndili wamng'ono mpaka ndinkamalizitsa ndekha. Ine ndinafunsa za thupi lanu, inu mwandiyankha za njereza.

Dzanzi ndi matenda amene ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku. Lagwira dzanja lokha, kapena ndi mwendo womwe? Pakamwa papotoka? Mawu akutuluka bwino? Ngati dzanja likukanika cholembera, chogwirira cha unyolo chija mukupukusa ndi chiyani? Nanga ku mzikiti mwasiyiranji?

Mabomba mukunenawo sanandiletse kubwera pa maliro a amayi, nkhondo ili mkati. Lero mtendere ulipo, ndiye mukuti ndisabwere. Mawu amenewa ndi anu, kapena alowa m'kalata pa njira?

Tsopano ndikulankhula ndi inu a Muanacha, poti ndinu amene mukuwerenga mokweza. Mzere uwu musaudumphe. Ndikufuna dzina la bambo anga lolembedwa ndi dzanja lawo, ngakhale lamanzere, ngakhale lokhota. Musandilembere nkhani zambiri. Dzina lokha.

Amalume ndawapempha kuti apitenso kumeneko. Ulendo uno muwalowetse m'nyumba. Ndi mlongo wawo wa amayi anga, si mlendo.

Atija

Namiropa, 1 Disembala 1996

Atija mwana wanga,

Salamu aleikumu. Mankhwala afika, Mulungu akudalitse. Ndapita monga unanenera, koma ulendo uno ndinachenjera. Wodzera pamchenga amaonekera patali, ndiye ndinakwera bwato la mnzanga madzi atadzaza, n'kukatsikira kuseri kwa matanthwe.

Bambo ako ali moyo, ndawaona. Koma ndikadapanda kuwaona mwina ndikadagona bwino. Ndinawapeza pakhonde la nyumba, atakhala pampando, dzuwa lili pamutu, atavala magalasi akuda aja amavala popukuta galasi la nsanja. Aonda, Atija. Ndinati, "Salamu aleikumu, alamu." Anadzidzimuka ngati ndawathira madzi ozizira. Ndinatambasula dzanja. Dzanja langa linakhala m'malere mpaka ndinachita manyazi n'kulibweza. Iwo nkhope ili kunyanja, kundicheukira ayi.

"Wadzera kuti iwe Braimo? Wakutuma ndani?"

Kunditchula iwe, ine, ndi imvi zangazi!

Ndinati, "Mwana wanu akudandaula, alamu."

"Mwana wanga ali ndi bambo wake, amalemberana. Iwe pa nsanja ya boma ukufunapo chiyani? Ukuyesa sindikudziwa chimene umazungulirira kuno?"

Tili mkati molankhula, chitseko cha nsanja chinatseguka. Anatuluka Nuro, thukuta lili kamukamu, makiyi ali m'chiuno. Makiyi aja bambo ako sankalola ngakhale mayi ako kuwakhudza. Kenako mkazi uja anabwera ndi tiyi. Sanawapatse ngati mmene mkazi amapatsira mwamuna wake. Anawatenga dzanja, n'kuwapindira zala pa kapu ngati mwana, n'kuwanong'oneza kanthu kukhutu. Iwo anamwa osafunsa. Ine ndakula, mwana wanga. Munthu wodyetsedwa mankhwala ndimamudziwa.

Ndipo chimene ndinasungira kumapeto ndi ichi. Mkaziyo ndi woyembekezera. Nsalu amamangira m'mwamba koma sizibisika. Nkhalamba yodwala, yosatha kugwira cholembera, ndi chombo chogona padoko. Werengera wekha.

Ine sindifuna kanthu. Kungoti nsanja ija ikadzasowa munthu, isadzagwe m'manja mwa obwera. Mwana wanga Chale, msuweni wako, anaphunzira za injini ku Nacala ndipo akungokhala pakhomo. Koma zimenezo n'zam'tsogolo. Panopa ganizira bambo ako, madzi asanafike m'khosi.

Malume ako,
Braimo

Muhavula, 6 Disembala 1996

Kwa a Atija,

Moni. Mzere uja sindinaudumphe. Dzina ndi ili pansipa. Alemba okha, palibe wawagwira dzanja.

Sualehe Amisse

Ndine Muanacha.

Muhavula, 29 Disembala 1996

Atija mwana wanga,

Salamu aleikumu. Kalata iyi ndakhala ndikuizemba. Koma chilembereni dzina lija mayi ako aang'ono andiwukira. Akuti iwo atopa kulemba bodza la munthu wina, ndikafuna kunama ndizilemba ndekha. Ndiye poti ndekha sindingathe, imva zoona.

Dzanja langa lili bwinobwino. Atija, sindikuona.

Chinayamba chaka chatha ngati nkhungu ya m'mawa, diso lamanzere. Ndinkapukuta galasi la nsanja kawirikawiri, kuyesa kuti lachita mchere, osadziwa kuti nkhunguyo ili mwa ine. Kenako lamanja linatsatira. Panopa ndimangosiyanitsa usana ndi mdima. Nyali yanga yomwe ikayaka ndimaiona ngati mwezi uli kuseri kwa mtambo. Muanacha akuti pakati pa maso pachita poyera ngati mkaka.

Amene asodzi amamuona pamwamba ndi Muanacha. Jekete ndi chisoti ndinamuveka ndine. Ndinamuphunzitsa kupopa palafini, kuyatsa, kupukusa unyolo, ndi kutseka makatani m'mawa kuti dzuwa lisatenthe kudzera m'galasi. Manja ake achita zikang'a ngati a msodzi. Chiyambire sanaphonyepo. Nuro ndinamupempha ndine kuti azikweza zitini, chifukwa mkazi wapakati sangasenze palafini pa makwerero ozungulira aja. Inde, ndi woyembekezera, ndipo Braimo asakuuze zina. Afa ndi maso okha, kwinaku ndikadali mwamuna. Muanacha akukana kulemba mawu amenewa, koma ndamuuza alembe.

Unditenga ngati wamisala, koma tamvera. Lamulo limati woyang'anira nyali akasiya kuona achoke, ndipo nyumbayi imatsata ntchito. Ine ndinabadwira pano. Bambo anga ali pano, mayi ako ali pansi pa mlambe apa, ndimapitako m'mawa uliwonse mogwira chingwe chimene Muanacha anandimangira kuchokera pakhonde. Ndikachoka, ndikakhala ndani kumudzi? Nkhalamba yakhungu yokhalira kuothera dzuwa pakhomo pa apongozi? Iwenso ndinakubisira chifukwa ndimakudziwa. Ukadabwera tsiku lomwelo kudzandinyamula ngati thumba.

Koma tsopano mimba yakula. Dzulo ndinamumva akupumira pakati pa makwerero, nthawi yaitali, ndipo ndinachita mantha. Sindingaphe anthu awiri chifukwa cha nyali. Ndiye ndikukuitana, monga ndinalonjezera. Bwera pa Idi, mwakachetechete, udzaone maso angawa. Ngati pali chochita, tidzachite anthu asanadziwe. Nuro wavomera kugwirizira nsanja masiku amenewo.

Usauze munthu. Makamaka malume ako, amene akhala akufunira Chale ntchitoyi kuyambira kale. Ndipo a ku ofesi asamve, chonde mwana wanga. Akangomva, kwatha.

Mvula yayamba mwamphamvu. Kalatayi ndikupatsira wa lole wa ku Namiropa.

Bambo ako,
Sualehe

Beira, 12 Januwale 1997

Amalume,

Moni, ndipo Ramazani yabwino. Kalata yanu ya mu Disembala inandidwalitsa. Itangofika, inafikanso ina ya mizere itatu yochokera kwa mkazi uja, yokhala ndi dzina limene ndinapempha.

Amalume, mukadaliona dzinalo! Zilembo zakwerana, zina zagwera pansi pa mzere, ndipo mapeto ake atulukira kunja kwa pepala. Bambo anga ankalemba mowongoka mpaka azungu ankawapatsa makalata awo kuti awakopere. Wolemba chonchi ndi munthu woledzeretsedwa ndi mankhwala, kapena wina wongoyerekeza. Chichokereni apo, zii. Mwezi wathunthu, ngakhale kamzere. Mafunso anga onse palibe layankhidwa.

Ndinapempha tchuthi kuti ndinyamuke msanga, andikaniza. Kolera yabuka m'makomboni muno, tikugona kuchipatala komweko. Komanso akuti mlatho wa kwanuko wapita ndi madzi, malole sakudutsa. Ngakhale pa Idi sindikhulupirira kuti ndifika.

Ndiye ndachita chimene ndingathe. Lachinayi ndinapita ku ofesi ya padoko kuno. Bambo wina wachifundo anandiimbira lamya kwa amene amayang'anira nsanja za kumpotoko. Ndawauza kuti bambo anga akudwala, abale akuletsedwa kuwaona, ndipo makiyi a boma ali m'chiuno mwa munthu wa chombo. Ndawapempha kuti atumize munthu panyanja akaone ndi maso ake. Iyeyo sangamubwezere pachipata. Za ntchito ya bambo sindinakhudzeko, ndangoti akaone ngati ali bwino, ndi kuti amene akukwera nsanjayo ndani.

Za Chale tisakambe panopa. Bambo anga akadali moyo.

Izi zikhale pakati pa inu ndi ine, kuti awiri aja asakonzekere.

Mwana wa mlongo wanu,
Atija

Beira, 24 Febuluwale 1997

Bambo anga, Bambo anga,

Kalata yanu ya pa 29 Disembala yafika lero. Lero, Bambo! Yafika yonyowa n'kuumanso, inki itayenderera. Inakhala m'lole kutsidya la mlatho nthawi yonseyi. Ndaiwerengera pakhonde la chipatala.

Munandibisiranji? Poyera pakati pa diso ngati mkaka, kusiyanitsa kuwala ndi mdima, imeneyo ndi ng'ala. Ng'ala imachotsedwa, Bambo! Madokotala a maso amachita zimenezi mlungu uliwonse, ngakhale ku Nampula komweko. Munthu amalowa chomugwira dzanja, patapita masiku ochepa n'kutuluka akuwerenga zikwangwani. Chaka chonse mwakhala mumdima chifukwa cha chinthu chimene mwana wanu amachiona tsiku ndi tsiku.

Tsopano mverani bwino. Ngati kungabwere anthu a ku ofesi, pa chifukwa chilichonse, mugone pamphasa, mufunde, munene kuti ndi malungo. Musatuluke, musakwere nawo nsanja. A Muanacha awauze kuti mwana wanu namwino ali m'njira ndipo adzafotokoza zonse. Nuro abweze makiyi m'nyumba. Chonde chitani zimenezi ngakhale zikuoneka zopanda mutu. Ine mawa m'mawa ndili ndi kwina koti ndiyambe ndapitako, kenako ndikagwada kwa mkulu wa anamwino mpaka andimasule.

A Muanacha, musakwerenso makwerero aja. Ndikukupemphani ngati namwino. Zina ndidzanena pamaso.

Kalatayi ndapatsira munthu wa sitima yopita ku Nacala kuti akaipereke m'manja mwa Nuro. Mulungu aifikitse msanga.

Mwana wanu,
Atija

Mutepo, 10 Malichi 1997

Atija mwana wanga,

Salamu aleikumu. Ona pamwambapa, sindikulembera ku Muhavula. Tili ku Mutepo, kwawo kwa Muanacha. Kalata yako Nuro watipeza nayo kuno.

A ku ofesi anabwera Idi itangodutsa, pa boti la injini, anthu awiri. Wamkulu wawo anali munthu waulemu, anandipatsa moni wa bambo. Anati, "Tiyeni tikwere, a Sualehe, mutionetse nyali." Ndinakwera, Atija. Makwerero aja miyendo yanga imawadziwa. Ndinatsogola ndine, ndinawatsegulira chitseko cha pamwamba, ndinawaonetsa popopera, ndinapukusa unyolo. Mtima unayamba kukhala pansi. Kenako tinatulukira pakhonde, ndipo iye anaima pambali panga n'kunena kuti, "Chombo chikubwera apocho n'cha yani?"

Ndinati, "N'cha Nuro chimenecho, thanga lake ndimalidziwa."

Iye anandigwira paphewa n'kunena motsitsa kuti, "Bambo, panyanja palibe chombo."

Potsika anandigwira dzanja, ndipo ndinamulola.

Sanandikalipire. Anati sitima zimadalira nyali imeneyi, ndipo iye sangabwerere n'kukanena kuti sanaone. Muanacha anawagwadira, mimba ili apo, kuti ntchitoyo amusiyire iye kufikira nditapeza thandizo. Anati sizingatheke. Anatinso nyali yoyaka yokha ndi mphamvu ya dzuwa inafika kalekale, nsanja zina anaika kale, koma ya Muhavula ankaizengereza chifukwa panalibe dandaulo, ndipo ankafuna nkhalamba imalize zaka zake. Tsopano aika. Galasi lalikulu aliphimba ndi chinsalu, chitseko akhoma. Munthu safunikanso, kaya ine, kaya Nuro, kaya Chale. Ndinapita pa mlambe kukatsanzika mayi ako, n'kumasula chingwe changa.

Ukuti ng'ala imachotsedwa. Ndamuuza Muanacha awerenge mawu amenewo katatu. Ndikufuna kudzaona nkhope ya mwana akubwerayu, ndi mano atsopano a Zena. Koma ukadandimva ndikuseka, mwana wanga. Maso adzabwera nsanja itapita.

Chandiwawa n'chimodzi. Anthu aja sanabwere okha, anaitanidwa. Ngakhale iwe m'kalata yako ukuchita kundichenjeza za a ku ofesi, ndiye kuti mphekesera inafika mpaka ku Beira. Ine ndikudziwa kuti ndi Braimo. Anandizembera kuseri kwa matanthwe, anandiona, n'kukandigulitsa kuti mwana wake adye. Lachisanu anthu a kuno atanditengera ku mzikiti wa ku Namiropa, iye anabwera kudzandigwira dzanja akulira, akulumbira kuti sanapiteko ku ofesi iliyonse. Ndinabweza dzanja langa pamaso pa anthu onse. Ndanena kuti pa maliro anga asadzapondepo.

Koma Shehe akuti ndisaweruze munthu popanda umboni. Ndiye iwe, poti umadziwa kulankhula m'maofesi, undifufuzire. Ndikufuna dzina la amene anakanena. Ndilimve ndi makutu anga, kenako mtima ugone.

Bwera msanga.

Bambo ako,
Sualehe

A Atija, apa ndikulemba ndine Muanacha. Bambo anu atuluka, akuyesa kuti kalata yatha.

Mkulu wa ku ofesi uja potsika anandiitanira pambali, pafupi ndi thanki. Anati, "Mayi, musaope, palibe akukuimbani mlandu. Mukamuuze mwana wawo wa ku Beira uja kuti bambo ake tawapeza amoyo ndipo akusamalidwa bwino. Anadandaula kwambiri pa lamya." Ndinamupempha kuti mawu amenewo asawabwereze pamaso pa bambo anu. Anandiyang'ana, n'kumvetsa.

Sindinawauze, ndipo sindidzawauza. Musayese kuti n'chifukwa chokukondani. Munanditenga ngati mfiti ndi hule musanadyepo chakudya cha m'manja mwanga ngakhale kamodzi. Ndakhala chete chifukwa munthu uyu wataya nyumba, ntchito ndi manda a mkazi wake mwezi umodzi, ndipo chimene chamutsalira n'choti ali ndi mwana ku Beira amene adzamutsegule maso. Chimenecho sindimulanda ine.

Koma a Braimo akusenza katundu amene si wawo yense. Pakamwa pawo m'poipa, ine ndikudziwa kuposa aliyense, koma ku ofesi sanapiteko. Akudziwa amene anapita, ndipo pa mzikiti paja, anthu akuwayang'ana, sanakutchuleni. Dzulo anatuma munthu kudzasiya nsomba pakhomo pano. Bambo anu anati zibwerere.

Masiku anga ayandikira, sindingakwere lole. Wowaperekeza ku Nampula ndinu. Mubwere mutawagulira nsapato, zakale zinatsalira ku nsanja. Mlatho akonza, koma ulendo ndi wa tsiku lathunthu, ndipo mudzakhala awiriwiri, inu mutawagwira dzanja. Musanafike pamtsinje adzakhala atakufunsani ngati dzina lija mwalipeza. Muyambiretu kuganiza chimene mudzawayankhe.

Muanacha